Kufiira Kosapezeka M'zitini

12 Juni

Mzime wanga,

Landira moni wa bambo ako. Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi nkhalamba zimene umazisamala kunjako. Ine ndili gwa, achule ali bwino, ndipo azakhali ako akadali moyo. Umboni wake ndi tsache limene likulira kuseri kwa mpanda pamene ndikulemba pano.

Usadabwe ndi kukula kwa zilembozi. Munthu amene wakalambira pa ntchito yolemba zikwangwani za masitolo sangalembe ngati nyerere. Komanso, chabwino, ng'ala ija yakula pang'ono. Pafoni sindikuonanso manambala. Dzana pofuna kuimbira iwe ndinaimbira wokonza mipope, ndipo tinacheza bwino ndithu mpaka anandifunsa kuti ndine yani. Choncho tibwerere ku makalata, nawenso uzilemba zikuluzikulu.

Dimba lathu sungalizindikire. Chilekereni kutchetcha, kwabwera alendo osaitanidwa ndipo onse ndawalandira. Bafa lakale lija ndinalikwirira m'nthaka n'kulidzaza madzi, pano ndi kwaya ya achule. Pansi pa mulu wa zipika pakukhala kanungu. Agulugufe sindiwaona bwino koma amandigunda kumaso, ndiye ndikudziwa kuti alipo. Mlendo watsopano ndi mfuko. Ndaitcha Injiniya, chifukwa imakumba misewu popanda kupempha chilolezo kwa aliyense.

Tsopano nkhani yeniyeni. Ukukumbukira kaanyezi ka duwa lakuthengo kamene amayi ako anakumba kuphiri kuja, makina ophwanya miyala atatsala pang'ono kuyamba? Phiri lija lero ndi dzenje, ndipo odziwa za zomera amene anabwera kudzakaona anati duwa limeneli latsala pang'ono kutheratu. Ine sindinalionepo likuchanua. Amayi ako ankati, "Kufiira kwake mulibe m'zitini zanu za utoto, bambo a ana." Ine ndinkati palibe kufiira kumene sindingasakanize. Anatisiya mkangano usanathe. Zaka zonsezi kakungotulutsa masamba basi, ngakhale ndinakaika pamthunzi wabwino, ndimakathirira m'mawa ndi madzulo, ndipo manyowa kamadya kuposa mbewu iliyonse. Koma chaka chino ndakakhudza ndi chala, kanenepa ngati tsaya la khanda. Chaka chake n'chino!

Adokotala akuti ndipite ku chipatala cha maso akandichotse ng'ala. Kumeneko n'kutali, ndipo akuti ndikakhale pafupi milungu ingapo kuti azikandiona. Duwa limeneli akuti limangokhala masiku ochepa n'kufota. Ndawauza kuti ndidzapita likachanua. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Unditumizire nkhani, osati malangizo.

Ndine bambo ako


30 Juni

Bambo,

Moni wa mwana wanu. Ine ndili bwino. Kalata yanu ndinaiwerenga ndili chiimire pakhomo, ndipo ndikukayika ngati a nyumba ya tsidya lina la msewu sanaiwerengenso ali pawindo lawo. Za Injiniya ndinaseka mpaka misozi, koma misozi ina sinali ya kuseka.

Mwati ndisatumize malangizo, koma munalipira nokha sukulu ya unamwino, ndiye landirani katundu wanu. Ng'ala ikakhwimitsa imavuta kuchotsa, ndipo imatha kuwononga diso mpaka kalekale. Duwa likadzachanua maso atatha, mudzaliona ndi chiyani, mphuno?

Tsiku ndi tsiku ndimagwira dzanja bambo a eni ake kuwatsogolera ku tebulo, pamene anga akupunthwa pa bafa la achule. Zimandiwawa, Bambo. Pitani kuchipatala, ndapota nanu.

Mupereke moni kwa kanungu.

Mzime wanu


30 Juni

Azakhali,

Moni. Miyendo ija ikukuvutanibe? Ndalemba m'malo moimba foni chifukwa ndikudziwa kuti mlongo wanu maso ndiwo atha koma makutu amamva ngakhale kuseri kwa mpanda.

Bambo akukana opaleshoni chifukwa cha kaanyezi kaja. Pamene kali m'nthaka muja, iwo sasuntha. Inu ndi iwo mumakhala ngati mphaka ndi galu, koma ndinu nokha amene amakuopani. Chonde chitanipo kanthu, chilichonse chimene mungathe. Musawauze kuti ndakulemberani.

Mwana wanu


19 Julayi

Mwana wanga,

Moni. Miyendo ili bwino, chimene chikundipweteka ndi bambo ako.

Ine ndinapuma ntchito ndili mkulu wa okolopa m'chipatala. Pabwalo panga ukhoza kugwetsa singano n'kuitola. Ndiye Mulungu anandilakwira chiyani pondipatsa mlongo woweta tchire? Anthu akamadutsa amafunsa ngati mwini nyumbayo anamwalira. Ndimawayankha kuti ayi, akungoyeserera.

Ndinapitako monga unapempha. Anandipatsa mpando pansi pa mtengo, tisanayambe n'kukamba komwe buluzi anagwera m'kapu yanga ya tiyi. Iwo akuti, "Musamuopseze, ndi wa pakhomo pano." Ndinabwerera nkhani ndisanaiyambe.

Koma maso aja afika poipa, usaganize kuti n'zocheza. Lachiwiri anapereka moni kwa diresi langa lili pachingwe, n'kumadandaula kwa anthu kuti masiku ano sindiyankha. Ndinaseka, kenako ndinalowa m'nyumba n'kukhala pansi, chifukwa munthu ameneyu ankalemba dzina la sitolo ali pamwamba pa makwerero popanda kulakwitsa chilembo.

Ndipo chimfuko chawo chija chayamba kudutsa pansi pa mpanda. M'mawa uliwonse ndimapeza timilu ta dothi pabwalo panga, makamaka pakona pamene ndimaotchera zinyalala. Ndikasalaza, mawa katumphukanso kena. Ndinawauza, akuti Injiniya sadziwa malire. Ndiye inenso utsi wanga sudziwa malire, ndikuotcha dala mphepo ikamaloza kwawo.

Za opaleshoni usadere nkhawa. Ndili ndi nzeru ina imene sindilemba pano. Ungomva kuti zatheka.

Azakhali ako


8 Ogasiti

Mzime wanga,

Moni. Sindili bwino.

Kaanyezi kapita. Loweruka m'mawa ndinapita ndi chitini changa chothirira, ndinagwada, ndinapisa chala monga mwa masiku onse, chala n'kungolowa m'dzenje lopanda kanthu. Ndinafukula ndi manja mpaka m'zigongono. Palibe ngakhale khoko.

Wakuba ndikumudziwa. Dzulo lake azakhali ako, munthu amene amanyansidwa ndi udzu ngakhale wa pachithunzi, anabwera m'dimba muno ati kudzaona achule. Achule! Anazungulirazungulira, fungo la sopo wawo linafika mpaka pamthunzi paja. Nditawafunsa pampanda anangoti, "Achimwene, mwapenga." Wokonza mipope uja, amene tsopano ndi mnzanga, akuti mwina ndi mfuko. Ndamuuza kuti asanamizire wosalakwa. Ine ndi Injiniya timalemekezana.

Madzulo a tsiku lomwelo anandiponyera pepala pampanda, lolembedwa tsiku langa la kuchipatala, pamodzi ndi tikiti ya basi. Waona mmene anakonzera? Kuba kaye, tikiti pambuyo.

Ndipita, poti chodikira palibenso. Koma ndikupita ngati katundu. Ndikuuze zoona mwana wanga, zili ngati amayi ako amwaliranso kachiwiri, ndipo ulendo uno palibe amene wabwera kudzandipepesa.

Bambo ako


25 Ogasiti

Azakhali,

Moni, ndipo ndikuvulirani chipewa! Pamene munati muli ndi nzeru ina ndinkaganiza zowakalipira, sindinadziwe kuti mufika pokumba. Ndinu katswiri. Mukanakhala kuno bwenzi atakulembani ntchito yogwira nkhalamba zothawa mankhwala.

Kasungeni pouma, m'kathumba ka pepala, osati mufiriji, ndipo chonde osati pafupi ndi anyezi wophikira. Koma akangotuluka m'chipatala muwabwezere tsiku lomwelo. Kalata imene andilembera yandisowetsa mtendere, akulira ngati pa maliro. Mudzawauze kuti ndinakutumani ndine, ukali wawo udzagwere ine.

Mwana wanu wonyadira


16 Seputembala

Iwe mwana,

Moni wake ndi yemweyu, wina ndilibe.

Ine kuba? Ine, amene ndinasunga makiyi a chipinda cha mabulangete a chipatala mpaka kupuma popanda kusowa ngakhale pilo? Bambo ako anditcha mbala, ndapirira poti ndi odwala. Tsopano iwenso ukundiyamikira umbala womwewo, mpaka kundiphunzitsa kasungidwe ka katundu wakuba! Nzeru yanga inali tsiku la kuchipatala ndi tikiti ya basi, basi. M'dimba muja ndinalowa kukafuna khadi lawo la kuchipatala, limene amasunga m'kashedi ka utoto ngati kuti ndi bulashi. Kaanyezi kanu sindinakakhudze, sindikudziwa kumene kali, ndipo palibe chimene ndingabweze.

Ndinawaperekeza ndithu, chibale ndi fupa sichiola. Ulendo wonse sanandilankhule. Tinakhala mpando umodzi, koma akafuna madzi ankauza kondakitala kuti, "Auzeni mayi awa andipatsire botolo." Kondakitalayo pofika anali atatopa ngati wasenza basiyo pamutu.

Opaleshoni inayenda bwino, achita diso lakumanja, lina akuti pambuyo pake. Ali kwa msuweni wathu mpaka adokotala atawamasula. Atawachotsa bandeji namwino anawafunsa kuti akuona chiyani, iwo akuti, "Ndikuona bwino, koma palibe choti ndione." Za diso lachiwiri akuti asavutike nalo.

Ine ndabwerako. Usauze munthu, koma bafa la achule lija linayamba kuphwa, ndiye ndikumathiramo ndowa imodzi. Si chifundo ayi, ndikuopa fungo.

Azakhali ako, amene si mbala


20 Okutobala

Bambo,

Moni. Iyi ndi kalata yachiwiri chibwerereni kwanu, ndipo simunayankhe. Ndikudziwa kuti tsopano mukutha kuwerenga, ndiye chifukwa cha maso chija chinatha.

Azakhali sanatenge kaanyezi. Inenso ndinkaganiza kuti ndi iwo, mpaka ndinawathokoza, ndipo anditsuka ndi mawu moti mpaka lero ndikuwala. Ndikanakhala ndi njira ndikanakumba dzenje lonse la phiri lija kukufunirani kena. Ndinkafuna maso anu, Bambo, sindinkafuna kuti mutaye amayi kachiwiri.

Lembani ngakhale mzere umodzi, ngakhale wonena za kanungu.

Mzime wanu


13 Novembala

Mwana wanga, mwana wanga!

Moni, uli bwanji, ife tili bwino, zatha, tsopano khala pansi umve. Ukaona zilembo zikuvina usadabwe.

Bambo ako chibwerereni amangokhala pampando atafulatira mpanda wanga, magalasi akuda kumaso ngati woimba. Makalata ako amawerenga, n'kuwapinda, n'kuwaika m'thumba. Dimba analisiya, chitini chothirira chachita dzimbiri.

Lolemba kunagwa mvula yoyamba. Lachitatu m'mawa ndikusesa, ndinafika pakona paja pamene ndimaotchera zinyalala. Pakati pa phulusa, pamwamba pa kamulu ka chimfuko chija, panali patatuluka chinthu ngati chala. Chopanda tsamba ngakhale limodzi, kamtengo chabe kobiriwira, kumutu kotupa. Ndinati udzu pabwalo panga, wandiyamba dala. Ndinatenga khasu, ndinalikweza m'mwamba, ndiye mtima unangoti phaa. Paja tsiku limene amayi ako ankakumba kuphiri, wonyamula thumba ndinali ine, ndipo tinaona timitengo totere titatuluka pamalo pamene panapsa moto.

Ndinataya khasu, ndinagwada, ndinapalasa pang'ono ndi chala. Kaanyezi! Kali ndi bala m'mbali, mano awiri oonekeratu. Mbala ija ndi Injiniya wawo wolemekezeka! Anakakoka pansi pa mpanda n'kukasunga m'nkhokwe yake pabwalo panga, analuma kamodzi, kaya kanamuwawa, n'kukasiya. Walira mvula walira matope, ndinawauza kalekale.

Mwana iwe, ndinathamanga. Ine ndi miyendo yangayi! Sindinazungulire kugeti, ndinapyola pampanda pomwepo, tsache lili m'manja sindikudziwa kuti ndalitola liti, mwendo umodzi n'kulowa m'bafa la achule mpaka m'bondo. Bambo ako atatembenuka, chinthu choyamba chimene diso latsopano linaona bwinobwino ndi mlongo wawo akubwera ndi tsache m'mwamba, akukuwa, chule ali pa silipasi. Anadzuka n'kuthawa! Tinazungulira mulu wa zipika, iwo akuti, "Mlongo, tikambirane!" ine mpweya wondithera, ndikungoti, "Katuluka! Katuluka!" Iwo ankayesa ndikunena njoka.

Ndinawagwira malaya n'kuwakokera pakona paja. Anavula magalasi, anagwada m'phulusa ndi buluku lawo loyera. Anakhudza kamtengo kaja ndi chala. Kenako anayamba kuseka, ine n'kuyamba kulira, kenako tinasinthana.

Silinatseguke, likadali mphukira, koma kunsonga kwayamba kuoneka mtundu. Tatulutsa mipando iwiri. Nkhuku za oyandikana nafe tikuzithamangitsa mosinthana. Iwo anafuna kubweretsa chitini chawo chothirira, ndawauza kuti akadontheza ngakhale dontho limodzi pabwalo panga ndiwakolowola diso linalo.

Sindinasese kuyambira Lachitatu. Masamba ali mbwee ndipo sindinafe.

Azakhali ako


19 Novembala

Mzime wanga,

Moni wa bambo ako. Taona zilembozi mmene zachepera! Ndikhoza kulemba kalata yonse kuseri kwa sitampa. Undikhululukire chete uja, ndinalibe mawu abwino ndipo oipa sindinafune kukutumizira.

Lachanua.

Linatseguka Lachisanu dzuwa litangotentha, ife tili pamipando yathu, azakhali ako ali pakati pondiwerengera machimo anga. Anasiya chiganizo pakati. Maluwa ake ali ngati timalipenga tozondoka, angapo pa kamtengo kamodzi, ndipo pabwalo lopanda kanthu lija likuoneka ngati wina wayatsa nyali masana.

Ndaganiza bwino, ndipo manyazi andigwira. Phiri lija linali louma, la miyala, dzuwa lili nye, ndipo chaka chilichonse linkapsa. Ine ndinakatenga kanthu kameneka n'kukaika pamthunzi, madzi kawiri patsiku, manyowa ngati mwana wa bwana. Kakanachanuliranji? Kanapeza kwawo pabwalo louma la azakhali ako, pansi pa moto umene ankayatsa kuti andikhaulitse ndi utsi. Injiniya ndiye anali ndi nzeru pa tonsefe, ngakhale kuti cholinga chake chinali cha m'mimba.

Ndinapepesa. Azakhali ako anati sanamve, ndibwereze mokweza kuti ndi achule omwe amve, poti nawonso anamva pamene ndinkawatcha mbala. Ndinabwereza. Tagwirizana kuti kaanyezi kakhala komweko, ndipo likafota tidzakatchinga ndi waya wa sefa pansi kuti Injiniya asadzabwerere kudzamaliza chakudya chake. Pampanda pamene anapyola paja sitikonzapo, pasanduka khomo. Dzulo kanabwera kambalame ka mlomo wautali, kanapisa mlomo m'duwa lililonse. Azakhali ako, amene ankagenda mbalame chifukwa choipitsa zovala pachingwe, anandigwira mkono kuti ndisapume mokweza. Mwina tipeza njere.

Za diso lachiwiri usavutike kulemba malangizo. Ndapita ndekha kukalembetsa, tikiti ndagula ndekha. Chinthu chimenechi si choonera diso limodzi.

Tsopano za mkangano uja. Loweruka ndinatulutsa zitini zanga zonse m'kashedi, ndinakhala pansi pafupi ndi duwa ndi kathabwa, n'kuyamba kusakaniza. Ndinathira chikasu, lija n'kumaoneka lozama. Ndinathira chakuda pang'ono, lija n'kumaoneka lowala. Ndinasakaniza mpaka dzuwa kupendeka, azakhali ako akungoti, "Ayi. Ayinso. Limenelo ndi la sitolo ya nyama." Pomaliza ndinatsuka bulashi, ndinavula chipewa, n'kunena mokweza kuti, "Mayi a ana, mwapambana." Ndakhala ndikugonja kwa amayi ako moyo wanga wonse, koma sindinakondwepo ndi kugonja ngati tsiku limeneli.

Madontho ofiira amene ukuwaona m'munsi mwa pepalali ndi zoyesa zanga zabwino koposa. Uwayang'ane onse bwinobwino, ndipo udziwe kuti palibe ngakhale limodzi limene lili lolondola. Pempha tchuthi cha mvula yoyamba chaka chamawa, ubwere udzaone wekha chimene amayi ako ankanena. Mpando wachitatu tautulutsa kale.

Ndine bambo ako